Funsani Amakaniko: Oyilo wachuluka mu giyabokosi, ndimupungule bwanji pakhomo?

FUNSO

Amalume a makaniko moni kaye. Ine kwathu ndi ku Balaka koma ndili kuno ku Joni, ndimakhala ku Rosettenville. Ndili ndi ka Corolla ka 2006 ka otomatiki komwe ndimadyerapo, m'mawa ndimanyamula ana asukulu kenako masana ndimaperekera katundu wa anthu. Sabata yatha mnzanga wina amene amatokosako magalimoto pa yadi pathu pano anayiliza m'mawa kuli chisanu, pompo n'kusolola dipisitiki ya giyabokosi, kachitsulo kaja koyezera oyilo, akuti aise oyilo wako sakufika pa HOT wachepa, ndiye tinagula botolo la lita imodzi n'kuthira lonse. Chiyambireni tsiku limenelo galimoto sikuyendanso bwino, magiya akuchedwa kulowa, ndikamakwera pa msewu wa M2 injini imangolira kwambiri koma liwiro palibe, ndikafika kunyumba pansi pamakhala todontha tofiira ndipo pa dipisitiki pali tithovu, oyiloyo wapitirira HOT kutali. Mnzanga uja akuti timasule bawuti yapansi titayeko pang'ono, wina akuti ndingolowetsa paipi ndikoke ndi pakamwa ngati mmene amakokera petulo. Ndalama yakugalaja pakadali pano ndilibe, lendi yandipana. Nditani amalume?

Wodandaula, Rosettenville

YANKHO

Achimwene a ku Balaka, zikomo polemba ndipo pepani ndi vutoli. Choyamba ndikupempheni galimotoyo iyime kaye, anawo muwapezere thiransipoti ina kwa tsiku limodzi lokha, chifukwa ntchito imene ikufunika apa ndi ya ola limodzi kapena awiri ndipo mutha kuyigwira nokha pa yadi pomwepo, koma mukapitiriza kukwera nayo M2 ikuchita thovu chonchi ndiye kuti posachedwa mukhala mukufunsa mtengo wa giyabokosi ina. Njira ziwiri zimene anzanuwo akuuzani zisiyeni zonse, ndifotokoza chifukwa chake.

Mnzanuyo cholinga chinali chabwino koma anayeza nthawi yolakwika. Oyilo wa otomatiki, amene pa botolo amalemba kuti ATF, amafufuma akatentha. N'chifukwa chake pa dipisitiki pali malo awiri, pansi pa COLD kapena COOL ndi pamwamba pa HOT. Galimoto imene yagona panja usiku wonse m'nyengo ya June ndi July kuno ku Joni, kumene m'mawa pagalasi pamachita kugwira chisanu, oyilo wake amayenera kupezeka pa COLD pomwepo, sanachepe ayi. Ndiye munthu akamuwonjezera ali wozizira kuti afike pa HOT, akadzatentha amakwera kupitirira. Komanso anthu ambiri sadziwa kuti pa magalimoto ambiri kuchoka pa mzere wapansi wa HOT kufika wapamwamba wake ndi oyilo wochepa kwambiri, pafupifupi theka la lita basi. Inu munathira lita yathunthu mu giyabokosi imene mwina inali yokwana kale.

Mkati muja oyilo amakhala m'kabeseni kachitsulo kapansi, pampu imamukoka kuchokera mmenemo n'kumupopera ku torque converter, chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi, ndi ku makilatchi ang'onoang'ono amene amagwira magiya. Magiya enieniwo amazungulira pamwamba pa oyiloyo. Akachuluka amafika pa zitsulo zozungulirazo ndiye zimayamba kumupukusa, ngati mmene thovu limatulukira mukapukusa sopo waufa m'beseni. Tsono vuto la thovu ndi lakuti muli mpweya, ndipo mpweya umafinyika pomwe oyilo safinyika. Otomatiki imasintha magiya ndi mphamvu ya oyilo wopanikizidwa, ndiye pampu ikamatumiza thovu makilatchi aja sagwira zolimba, amaterera, nkumva injini ikulira koma galimoto osathamanga, ndi zomwe mukuonazo pa M2. Kuterera kumabweretsa kutentha, kutentha kumapsereza oyilo ndi makilatchiwo. Todontha tofiira mukuona pansito nthawi zambiri timachokera pa kabowo kopumira kamene kali pamwamba pa giyabokosi, thovu likasowa kopita limatulukira pamenepo, nthawi zina limatulukira pakamwa pa paipi ya dipisitiki kapena pa ma seal, timphira totchinga oyilo kuti asachuche. Ndipo likagwera pa ekizozi yotentha limafuka utsi, likhozanso kuyaka moto, ndiye si nkhani yoyitenga mopepuka.

Musanachotse ngakhale dontho limodzi, muyambe mwadziwa kuti wachuluka bwanji. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kawiri, amathira mongoganizira kenako n'kuchotsanso mongoganizira, mapeto ake oyilo wachepa ndipo giyabokosi yochepa oyilo imapsa msanga kuposa yochuluka oyilo. Galimoto ikhale pamalo athyathyathya. Ndikunena izi chifukwa mayadi ambiri a ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville ndi Kensington ndi otsetsereka, Joni ndi mzinda wa zitunda, ndipo galimoto ikapendekeka pang'ono chabe dipisitiki imanama. Ngati pa yadi panu pali mtsetse pitani pa filing'i sitesheni kapena pamalo oimika magalimoto pa sitolo pamene pali polinganira. Kwa Toyota ngati yanuyo mumayeza injini ikulira, itatentha bwino mutayenda mphindi 15 kapena 20, hendibuleki yokoka, phazi pa buleki, muyendetse giya pang'onopang'ono kuchoka pa P kudutsa R, N, D mpaka pansi n'kubwereranso pa P. Kenako solorani dipisitiki, pukutani ndi kansalu koyera kosathothoka ulusi, bwezerani mpaka ikhale bwinobwino, solorani kachiwiri n'kuwerenga. Muyang'ane mbali zonse ziwiri, mbali imene ikuonetsa pansi ndiyo yoona chifukwa inayo imangopaka oyilo wa m'mbali mwa paipi. Amene muli ndi Honda samalani, ma otomatiki ambiri a Honda amayezedwa injini itangozimitsidwa kumene, ndiye buku la galimoto yanu likhale pafupi. Komanso musasokoneze ndi dipisitiki ya injini, ya injini oyilo wake ndi wabulauni kapena wakuda, ya giyabokosi ndi wofiira.

Kwa inu achimwene popeza tikudziwa kale kuti munathira lita imodzi ndipo wapitirira kutali, palibe chifukwa choyamba mwayenda nayo mtunda ili ndi thovu. Ilizeni pa yadi pomwepo mphindi zochepa kuti oyilo afunde, zimitsani, dikirani pang'ono thovu litsike, kenako yambani kupungula.

Zida zake ndi zotchipa. Ku famase, kaya Dis-Chem kaya Clicks kaya ya pakona, funsani sirinji yaikulu ya 60 ml yopanda singano, makamaka ija ya kukamwa kotambalala imene amadyetsera odwala kudzera pa chubu. Ku mashopu a masipeya ngati Midas kapena AutoZone kumapezekanso ma sirinji akuluakulu ndi timapampu tapamanja tokokera oyilo, ngati thumba likulola gulani zimenezo ntchito imafulumira. Kenako mufunika kapaipi ka pulasitiki koonekera mkati, kotalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, konenepa pafupifupi 6 mm kuti kalowe mu paipi ya dipisitiki. Kaja amagulitsa m'mashopu a ziweto kopopera mpweya mu thanki ya nsomba kamagwira bwino ntchito. Pomaliza botolo loyera louma lokhala ndi mizere yoyezera, kapena jagi yoyezera imene siidzabwereranso kukhitchini.

Tengani dipisitiki muyigoneke pansi pa nyuzipepala, kapaipi kaja mukagoneke pambali pake, ndiye muike chizindikiro ndi maka pa kapaipiko pamene pakuthera kutalika kwa dipisitiki. Chizindikirocho chikuuzani polekezera polowetsa. Musamatepo tepi kumbali yolowa mkati, ikamatuka igwera mu giyabokosi. Kunsonga kwake dulani mopendekeka kuti kakagunda pansi kasatsekeke. Pukutani pakamwa pa paipi ya dipisitiki musanayambe, fumbi la kuno ndi lambiri ndipo mkati mwa otomatiki muli timabowo ting'onoting'ono toti kamchenga kamodzi kamakwanira kutseka. Injini ikhale yozima, kiyi m'thumba, chifukwa fani ya magetsi imatha kudzuka yokha manja anu ali pafupi.

Lowetsani kapaipiko pang'onopang'ono. Paipi ya dipisitiki ndi yokhota, ndiye penapake mumva kakukana, musakakamize, kapotozeni ndi zala uku mukukankha mofatsa kadutsa. Kakafika pa chizindikiro chija lumikizani sirinji ndipo kokani. Poyamba muona ngati palibe chikuchitika, sirinji ikukana ndipo ikufuna kubwerera yokha, gwirani chomwecho osasiya, kenako muona kamzere kofiira kakukwera mu kapaipi pang'onopang'ono mpaka kulowa mu sirinji. Ikadzadza finyani kapaipiko ndi zala kuti oyilo asabwerere, chotsani sirinji, khuthulirani m'botolo, lumikizaninso. Ndi ntchito yofuna mtima wodekha, 60 ml nthawi imodzi ndiye kuti theka la lita ndi maulendo 8 kapena 9, lita yonse ndi maulendo pafupifupi 17. Mwaona chifukwa chake ndati oyilo akhale wofunda? Wozizira wa m'mawa ndi wokhuthala, mutha kukoka mpaka dzanja kuwawa. Koma wotentha kwambiri, wongochokera pa msewu, amakhala pa madigiri 70 mpaka 80 kapena kuposa, ameneyo amawotcha khungu ndipo amafewetsa pulasitiki, kapaipi kamatha kufota kapena kuvuka pa sirinji. Kuvukako n'koopsa, choncho dzanja limodzi lizigwira kapaipi nthawi zonse kuti kasatsetserekere mkati.

Ine ndikanakhala inu ndikanachotsa 700 ml kaye n'kuima, osati lita yonse, poti ena anatayika kale pansi paja kudzera pa kabowo kopumira. Tulutsani kapaipi, dikirani mphindi zisanu kuti oyilo wa m'mbali mwa paipi atsike, bwezerani dipisitiki, lizani injini, yendetsani giya mmene ndanenera muja n'kuyang'ana. Ngati wayandikira, tsopano yendani mozungulira m'dera lanu lomwelo mphindi 15, osati pa msewu waukulu, mubwere pamalo athyathyathya muyeze ali wotentha. Akakhala pakati pa mizere iwiri ya HOT mwamaliza. Akakhala pamwambabe dikirani azizireko muchotsenso 100 kapena 200 ml. Ndipo ngati wangopitirira mzere ndi mamilimita awiri kapena atatu popanda thovu, musavutike mtima, zimenezo siziwononga kanthu.

Za bawuti yapansi ija. Inde pa Corolla ilipo, ndipo ndi imene timamasula posintha oyilo. Koma giyabokosi yanuyo yonse imanyamula malita 6 kapena 7, ndipo mukamasula bawutiyo amatuluka pafupifupi malita 3 mwamphamvu. Kunena kuti timasula pang'ono n'kutsekanso n'kophweka pakamwa, koma mutagona chagada pansi pa galimoto, oyilo woterera akuyenderera m'manja mpaka m'chigongono, bawuti ikakupulumukani n'kugwera m'beseni ndiye kuti yense wapita, mukagulenso malita atatu. Kuwonjezera apo pali kawashala kachitsulo chofewa kamene kamayenera kusinthidwa mukamasula, apo ayi pamayamba kudontha, ndipo munthu wothamangira kutseka amamanga bawuti mokhota n'kuononga mazinga. Chimene chimandiopsa kwambiri n'choti ambiri pa mayadi athuwa amalowa pansi pa galimoto itangoimikidwa pa jeki ija yosinthira tayala, kapena pa njerwa. Chonde abale anga musatero. Popanda ma stand achitsulo ochirikiza galimoto musalowe pansi pa galimoto, anthu amafa nazo zimenezi ndipo kutumiza maliro kumudzi tonse tikudziwa mmene kumawawira.

Zokoka ndi pakamwa ayi ndithu. Oyiloyu ali ndi mankhwala ambiri, akalowa m'mimba amadwalitsa, ndipo akakutsamwani n'kulowa m'mapapo ndi nkhani ya kuchipatala. Enanso amamasula paipi yopita ku radiyeta n'kuliza injini kuti pampu itulutse yokha, amakaniko timachita zimenezo posintha oyilo yense koma amatuluka mothamanga kwambiri, masekondi ochepa chabe lita yapita, si njira ya munthu amene akufuna kupungula pang'ono.

Oyilo amene mwachotsayo muyang'anitsitse pa dzuwa, akuuzani zambiri. Akakhala wofiira woonekera ndiye kuti mwapulumuka. Akakhala wabulauni wodera, akununkha chopserera, kapena muli tizidutswa takuda, ndiye kuti kuterera kwa sabata ino kwasiya chipsera, akufunika kusinthidwa. Ndikufunseninso, botolo munathiralo linali la mtundu wanji? Toyota za zaka zimenezo zina zimafuna Type T-IV, zina Dexron, zatsopanoko zimafuna WS, ndipo nthawi zambiri zimalembedwa pa dipisitiki pomwepo kapena m'buku. Ngati munathira mtundu wina, kupungula kokha sikukwanira. Ndipo ngati mulingo wakhala bwino, thovu latha, koma patapita masiku awiri atatu magiya akutererabe, musadikire, pitani kwa amene amakonza magiyabokosi okhaokha akaione isanafike poipa.

Wotsalayo musathire m'ngalande ya pamsewu kapena kuseri kwa nyumba. Madzi amvula a kumwera kwa Joni kumene mukukhalako amatsikira mu mtsinje wa Klip umene umakathira mu Vaal, a kumpoto amalowa mu Jukskei mpaka ku damu la Hartbeespoort. Muikeni m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi ana poti mtundu wake wofiirawo umakopa, mukapereke ku galaja kapena shopu ya masipeya imene imalandira oyilo wakale. Kuno ku South Africa kuli bungwe la ROSE Foundation limene limayendetsa ntchito yotolera oyilo wogwiritsidwa kale ntchito, ndipo magalaja ambiri amasunga m'migolo kuti otolerawo adzatenge.

FUNSO

Bambo makaniko, ine ndi mayi wa ku Nkhotakota ndimakhala ku Cosmo City. Ndinagula Polo Vivo ya otomatiki kwa abwana anga akale. Munthu wina amene anandisinthira oyilo wa giyabokosi akuti mwina anathira wambiri koma ine ndafufuza mu boneti monse dipisitiki yake sindikuyiona. Kodi inagwa kapena anandibera?

Mayi wa ku Cosmo City

YANKHO

Mayi, mtima ukhale m'malo, palibe chimene chinagwa kapena kubedwa. Polo Vivo ya otomatiki ilibe dipisitiki ya giyabokosi, anaipanga choncho, ndipo magalimoto ambiri atsopano ali chimodzimodzi. Mulingo wake amayezera pansi, pali bawuti imene mkati mwake muli kachubu koima, oyilo akachuluka amasefukira pa kachubuko n'kutuluka yekha mpaka atatsala wokwana. Kungoti kuyeza kwake kumafuna zinthu zitatu nthawi imodzi, galimoto ikhale m'mwamba koma yolinganira bwino, injini ikulira, ndipo oyilo akhale pakati pa madigiri 35 ndi 45, zimene amaziona pa kompyuta yolumikiza ku galimoto. Akatsegula oyilo atatentha kupitirira apo amatuluka wambiri n'kutsala wochepa. Ndiye njira ya sirinji ndafotokoza pamwambayi si yanu ayi, ndipo sindingakulangizeni kuti muchitire pakhomo. Pitani ku galaja imene ili ndi makina okwezera galimoto ndi kompyuta, muwafunse mosaopa kuti oyiloyo amuyeza ali pa madigiri angati. Akayankha kuti zimenezo zilibe ntchito, tengani galimoto yanu mupite kwina.

Chinthu china choti inu ndi ena onse a otomatiki mudziwe, oyilo akapezeka wachuluka popanda amene wathira, ndipo mtundu wake wasanduka wapinki wotuwa, wamkakamkaka, ndiye kuti madzi a mu radiyeta akulowa mu giyabokosi kudzera pa kuula yoziziritsira oyilo imene yabooka. Pamenepo kupungula sikuthandiza, galimoto isalizidwenso, ikokedwe kupita ku galaja chifukwa madzi amamatula makilatchi.

FUNSO

Amalume, ine ndimanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi pa Hilux ya manyuwo, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Anyamata anandithirira oyilo wa giyabokosi galimoto itakwezedwa mbali imodzi, pano ndikuona kunyowa pamwamba pa giyabokosi. Ndinyamuke choncho?

Dalaivala, Jeppestown

YANKHO

Achimwene musanyamuke choncho, koma yanuyi ndiye yophweka kuposa zonse. Manyuwo ilibe pampu yosinthira magiya ngati otomatiki, ndiye siiterera, koma oyilo akachuluka amatenthabe n'kumatulukira pa kabowo kopumira ndi pa ma seal, ndipo akalowa mbali ya kilatchi ndiye mwayamba kuterera muli ndi katundu wodzadza m'zitunda za pakati pa Tete ndi Zobue. Imikani galimoto pamalo athyathyathya matayala onse ali pansi, Hilux ndi yaitali mutha kufikira popanda jeki, injini yozima, hendibuleki yokoka, ndipo muike miyala ku matayala. Pambali pa giyabokosi pali bawuti yothirira, ili m'mwambako, musaisokoneze ndi yapansi yokhuthulira. Ikani beseni, masulani yam'mbaliyo, wochulukayo atuluka yekha. Dikirani mpaka atsale akungodontha, pisani chala, oyilo azikhudza m'munsi mwa bowolo, ndiye mulingo wake umenewo. Mangani bawuti ndi washala yatsopano, pukutani ponse panyowapo kuti mukaima pa Musina mudzathe kuona ngati pali pena pakuchuchabe, ndipo poti mwagona kale pansipo yezani ndi difu yakumbuyo, kabokosi ka magiya kamene kali pakati pa matayala akumbuyo, nayonso bawuti yake yothirira imagwira ntchito mwa njira yomweyo.